Zam'mimba mwa Mkango wa ku Pikine

Mu Pikine monse munalibe munthu amene anaonapo msana wa Ndiaga Thiam uli pansi. Mwiniwake ankalengeza zimenezi tsiku ndi tsiku akudziguguda pachifuwa. Anagwetsa amuna pamchenga ku Thiès, anagwetsa onyamula katundu padoko la Casablanca, ndipo maondo atayamba kulira anatsegula nyumba ya masewera a pakompyuta n'kumagwetsa anthu pa sikirini. "Chitsegulireni malo ano," ankatero, "ngakhale mkazi wanga Astou wanenepa!"

Gemu yogwetsanayo anamulembera ndi mlamu wake Saliou, mlongo wake wa Astou, katswiri wa mapulogalamu. Wosewera aliyense anali ndi chiphona chake m'kompyutamo, ndipo lamulo linali limodzi: chiphona chilichonse chimabadwa ndi mphamvu 100. Cha Ndiaga dzina lake chinali Mkango, ndipo chinali chisanagwepo.

Tsiku lina masana, pa mpikisano wolimbirana nkhosa ya chikondwerero cha Asilamu cha Tabaski, Mkango anagwa. Anamugwetsa ndi Khadim, woyendetsa takisi woonda ngati nsungwi, yemwe chiphona chake chinkangozinda nkhonya mpaka Mkango kutha mpweya.

Ndiaga sanadikire kuti m'manja muthe kuombedwa. Anatola ketulo ya tiyi n'kumuphulitsa nayo Khadim pakamwa. Dzino linagwa pasimenti, kuti gobede. Anamuduulira pansi, kumuponda m'nthiti, mipando ikuuluka, nkhosa ikulira pakhomo pomwe anaimangirira.

"Mbava iwe! Tizala tako tokhala ngati ta nkhukuti tingandigwetse ine?"

Kenaka anatembenukira kwa Saliou, namugwira pakhosi n'kumumenyetsa nkhope patebulo.

"Wadya za ameneyu, eti? Wamuwonjezera mphamvu mwakabisira. Ng'amba mimba ya chiphona chake, aliyense aone!"

Magazi ankadontha m'mphuno mwa Saliou.

"Alamu, chonde. Tikakambirane kuseri, awiriwiri. Pagulu pano ayi."

"Wagwidwa ameneyo!" anakuwa wina kumbuyo. "Munthu wosalakwa safuna kuseri!"

M'pulogalamu, chiphona ndi kanthu kosunga zake zonse m'kati. Pali mzere umodzi woti ukaulemba, kanthuko kamayala chilichonse poyera: dzina, liwiro, mpweya, mphamvu. Sikadziwa kunama, ndipo sikaopa nkhonya ya munthu. Saliou anaulemba mzerewo, koma chala chinaima m'malere pamwamba pa batani.

"Zituluka za onse awiri amene amenyana, alamu. Ndikukupemphani komaliza."

"Zituluke ngakhale za makolo awo!" Ndiaga anamupinda mkono kumbuyo mpaka phewa linalira, n'kudina batanilo yekha.

Zilembo zoyera zinandandalika pa sikirini yakuda. Anthu anaunjikana, ena atakwera pamipando. Ndiaga anawerenga mokweza, chala chili pagalasi, mawu ake akumveka mpaka kumsewu.

"Khadim! Liwiro 100. Mpweya 100. Mphamvu..." Anayandikitsa nkhope pagalasipo. "Mphamvu 100."

"Pitirizani, akuluakulu," anatero Khadim ali chigonere, akulavula magazi. "M'munsimo muli zina."

Ndiaga sanapitirize. Anthu ndi amene anamuwerengera, onse pamodzi ngati ana a sukulu: "Mkango. Mphamvu 500."

Saliou anapukuta mphuno ndi malaya.

"Ndinaziika tsiku loyamba lomwe, alamu. Anandipempha ndi achemwali. Anati mukagonja kunja kuno, kunyumba kumathyoka mbale ndi nthiti."

Khadim anadzuka pang'onopang'ono, natola ketulo ija. Pikine yense anauona msana wa Ndiaga Thiam uli pansi tsiku limenelo, ndipo ngongole ya dzino limodzi Ndiagayo anaibweza pomwepo ndi chiwongoladzanja chake: mano atatu, ndi nkhosa yomwe.