Kapuku ndi Nthomba Yothothola Michira

Padangotero, kumudzi kwa mbewa kudagwa nthomba yothothola michira. Itamugwira Tondo, onse adamuthawa.

Kapuku adaseka mpaka kugubuduzika. "Ife kumtundu kwathu nthomba imatiopa. Agogo idawalumpha, abambo idangowanunkhiza."

"Bodza," adatero Mende. "Olimba magazi ndife."

Adagwirizana kuti wovina ndi Tondo osadwala ndiye mwamuna. Adavina naye molandizana, fumbi lili koboo. Posakhalitsa Mende adatupa mapazi, mchira n'kuthothoka. Kapuku sadatuluke ngakhale kachiphuphu.

Chimwemwe chidamukwera kumutu. Adathamangira kumudzi kumene ankafunsira mbeta, akuimba mluzu. Adakumbatira atsibweni a mkazi, adapsompsona ana, mkaziyo, bwenzi lake Nankhoma, n'kumunyamula m'mwamba.

Atapitanso kukamva za ukwati, adapeza banja lonse lili chigonere, michira ili mbwee pabwalo.

"Komatu ine sindidadwale," adatero Kapuku.

Nankhoma adamuyang'ana, mchira wake wothothoka uli m'manja. "Zoona, achimwene, simudadwale. Mudangotinyamulira. Kafunsireni mbeta kumtundu kwanu komweko."

Kapuku adabwerera yekha, akukoka mchira wake wautali m'fumbi. Nthano idadukira pomwepo.