Malangizo a Mpope wa Kudimba

Lamulo linali lakuti minda yonse izithiriridwa ndi makina, ndipo makinawo sankakhudza mpope ngati malangizo ake sanalembedwe momveka. Malangizo a Nasimango anali atakanidwa kawiri. Akakanidwa kachitatu, basi, madzi adzawaona chaka chamawa.

"Mwalemba kuti ndipotokole pang'ono," anatero makinawo pa foni. "Pang'ono ndi kangati?"

Chimanga chinali chitapinda kale masamba. Amene ankaudziwa mpope wakalewo ndi amuna a Nasimango okha, a Gomani, amene matenda a sitiroko anawalanda mawu. Nasimango anawakweza pa wilibala mpaka kudimba.

"Bambo a Tiyamike, ndisonyezeni. Chikauma ichi, ana adya chiyani?"

Dzanja la a Gomani linagwira chitsulo cha mpopewo n'kupotokola kanayi, Nasimango akuwerenga mokweza. Kenaka linakhala phee pa paipi, ngati likumvetsera. Patapita kanthawi linapotokolanso, madzi n'kutuluka.

"Pamene munaima paja mumamva chiyani, bambo? Ndilembe kuti chiyani?"

A Gomani anangomuyang'ana, milomo ikugwedera, misozi ili mbwee.

Foni inalira. "Ndikudikira malangizo, mayi. Kwatsala mphindi khumi."