Kathirakitala ka a Dzonzi

Lamulo linali loti munda wosalimidwa pofika mvula yoyamba ulandidwe. Mitambo itayamba kuda, a Dzonzi anali atangolima theka ndi kathirakitala kamagetsi kosiyidwa ndi malemu bambo awo, koyenda ngati bilimankhwe.

Anatsegula mota ya kathirakitalako n'kuchepetsa magetsi opita ku mawaya opanga maginito.

"Mukutani, bambo a Tiyesere?" anafunsa mkazi wawo, Nasibeko.

"Maginito akafooka, mota imathamanga."

"Nanga mphamvu yokokera pulawo?"

"Imachepa, ndipo mota imatentha. Koma taonani kumwambaku."

Kathirakitala kanathamangadi. Nasibeko ananyowetsa chitenje ndi madzi awo akumwa n'kufunditsa motayo. Pamchenga zinayenda bwino. Atafika pa katondo pafupi ndi chulu, pulawo inakanirira, mota inalira, kenako kunamveka fungo la mawaya opsa.

A Dzonzi anatsika. Anamasula pulawo, anadzimanga chingwe pachifuwa n'kuyamba kukoka, Nasibeko akukankha kumbuyo. Mzere umodzi usanathe, mvula inayamba kuwaza.

"Mwina ingodutsa," anatero Nasibeko.

Koma kumudzi, olanda minda anali atayamba kale kuvala majombo awo.