Kilatchi ya Galimoto ya Malemu

"Pondaninso kilatchi, ada," anatero Chawezi ali chagada kunsi kwa galimoto pagalaja pamene ankagwira ntchito.

A Paston, ang'ono awo a malemu bambo ake, anaponda. Phazi linangolowa ngati aponda chinangwa chovunda, giya n'kukana, ikukukuta mano.

Vuto Chawezi analiona pomwepo. Kapaipi ka mafuta a kilatchi kanali katang'ambika, ntchito yaing'ono zedi. Koma galimoto yofiira ya mipando iwiriyi bambo ake anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo a Paston anaitenga anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, pamodzi ndi maukonde amene ankabweretsa ndalama zophunzitsira Chawezi ku koleji.

Chawezi anatuluka kunsiko, n'kupukuta manja mosafulumira.

"Giyabokosi yatha, ada. Yamtundu uwu ngakhale ku Joni anasiya kupanga."

"Asa! Ndiye ndakankhitsa anthu kuchokera ku Chikale pachabe?"

"Pachabe. Iyi siidzayendanso."

Mumtima Chawezi anamva kukoma. A Paston akangoitaya pompano, iye adzaikonza mwakachetechete, iwo adzangoiona ikudutsa pakhomo pawo.

A Paston anatulutsa foni n'kuimbira wokhoma mbaula wa kumsika.

"Davis? Malata umafuna aja apezeka, okhuthala bwino. Bwera ndi nyundo zako, tiiphwasule lero lomwe."

"Ada, dikirani kaye, mwina..."

"Mwina chiyani? Si wanena wekha?" Anamusisita paphewa. "Uwathandize kumasula, mwana wanga. Iweyo ndiye ukuidziwa bwino."