Nthanda Ayankha Alamu Ake

Pakhonde la khoti ku Kasungu, a Watson anaima kutsogolo kwa Nthanda, mlamu wawo wa vuto losamva amene anamulanda munda wa fodya mwamuna wake atangoikidwa m'manda.

"Chitsiru ichi chikanena chiyani kwa woweruza?" anatero uku akumwetulira, monga ankachitira zaka zonsezi.

Koma lero pambali pa Nthanda panali Elsie, womasulira chinenero chamanja wochokera kubungwe la anthu aulumali. Anamasulira zonse osasiyako liwu.

Nthanda anapsa mtima. Anayankha ndi manja, zibangili zili ngwerengwere.

"Akuti bwerezani, alamu," anatero Elsie. "Akuti aka n'koyamba kukumvani, ndipo akufuna amve zonse asanalowe."

A Watson anatsegula pakamwa. Ataona manja a Elsie ali m'mwamba kudikira, anatsekanso pakamwapo.