Laputopu ya Levison pa Mwambo Woona Nkhope

Panali munthu wina ku Lilongwe konkuno, dzina lake Levison, yemwe ankayang'anira makompyuta pa shopu ina yopikulitsa katundu ku Old Town. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Vuto lake linali ulesi wa anthu anzeru, uja wofuna kuti makina azigwira okha ntchito mwiniwake atapinda manja.

Mapulogalamu a m'kompyuta amafunika kuwaikira zatsopano pafupipafupi, zija amati apudeti. Levison anatopa kuyenda tebulo ndi tebulo, ndiye anatchera makompyuta onse, ndi laputopu ya mu ofesi yomwe, kuti azidzipanga okha apudeti Lamlungu lililonse shopu ili yotseka. Patapita milungu anapeza kuti palibe chachitika. Anafufuza mpaka anadziseka yekha: Lamlungu makompyutawo amakhala ozimitsa, nanga chinthu chozimitsa chingagwire bwanji ntchito?

Ndiye anasintha. Anawatchera kuti akaphonya tsiku lawo, aziyamba apudeti akangoyatsidwa n'kupeza intaneti, kenako azizima n'kuyakanso osafunsa munthu.

Mayi Rekha, omwe ankayendetsa shopuyo, sanakondwe nazo.

"A Levison, osafunsa munthu? Nanga ikadzazima kasitomala ali pa kauntala?"

"Madamu, musadandaule. Ndi zinthu za mphindi zochepa."

"Ine ndikuti zisiyeni zizifunsa kaye. Si nthawi zonse munthu angathe kudikira."

Levison anavomera pakamwa pokha, koma sanasinthe kanthu.

M'mwezi wa Okutobala, mayi ake a Levison anamwalira. Mlongo wake Marcelina, yemwe amagwira ntchito ya unamwino ku Ireland, anali atangobereka kumene, moti ulendo wa pa ndege sukanatheka. Analira pa foni mpaka mawu kutha.

"Achimwene, chinthu chimodzi chokha. Ndiwaone nkhope amayi asanatseke bokosi."

"Uwaona, mlongo wanga. Ndisiyire ine."

Thupi linafikira kwa amalume awo, a Greenwell, ku Area 47. Akuluakulu anagwirizana kuti mwambo woona nkhope uchitikire pomwepo. Kunja kunkatentha kwambiri, choncho bokosi likatsekedwa silidzatsegulidwanso kumudzi.

Msuweni wina anati angomuimbira Marcelina pa foni ya vidiyo. Levison anakana, amvekere foni imagwedera ndipo zithunzi zake sizioneka bwino. Anabwereka laputopu ya mu ofesi ija, yomwe inali itakhalitsa mu kabati osayatsidwa. Anaiika pa mpando pakona, n'kulumikiza kamera yaing'ono ya chingwe chachitali. Atayesa, nkhope ya Marcelina inaoneka bwinobwino, atakhala pansi, khanda lili m'manja. Foni yake Levison anaithimitsa mawu polemekeza maliro, n'kuiponya m'thumba.

Amayi a mvano anayamba nyimbo, anthu n'kumadutsa pamzere. Onse atatha, a Greenwell anakweza dzanja, m'nyumba monse zii. Levison anasendeza kamera pamwamba pa bokosi. Iye mtima unamulephera, anatembenuzira nkhope kukhoma, dzanja lokha lili pamenepo.

"Marcelina mwana wathu, mayi ako ndi awa," anatero a Greenwell moyang'ana kamera. "Usafulumire. Tsanzikana nawo."

Anthu anadikira mwaulemu. Kusamveka kwa mawu a Marcelina, onse anangoti ndi chisoni.

"Titseke?" anafunsa a Greenwell.

"Tsekani, amalume," anayankha Levison.

Anatseka, anamanga, achinyamata ananyamula bokosi kupita nalo ku galimoto. Levison anapita pakona paja kuti akamutonthoze mlongo wake. Pa laputopu panalibe Marcelina. Panali kachizindikiro kozungulira, ndi mawu a Chingerezi omuuza kuti asazimitse, apudeti ili m'kati. Anatulutsa foni, n'kupeza kuti Marcelina wakhala akumuimbira foni mosalekeza chiyambire nyimbo yoyamba.

Anathamangira kwa amalume ake, koma galimoto ya maliro inali itatuluka kale pa geti. A Greenwell anangopukusa mutu.

"Mphwanga, ndinakufunsa pamaso pa anthu. Unati titseke."

Anamuimbira mlongo wake ali m'galimoto, panjira ya kumudzi. Ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo kukanakhala bwino akanatukwanidwa. Marcelina anayankhula motsitsa, ngati munthu wotopa.

"Basi achimwene, zachitika. Ingondiuzani inu amene munali pafupi. Amaoneka bwanji amayi?"

Levison anakumbukira kuti nthawi ija nkhope yake inali kukhoma. Nayenso sanawaone.

Phunziro: Makina sadziwa maliro, sadziwa ukwati, amangochita zomwe unawauza tsiku lomwe unali ndi ulesi. Musalole kompyuta kapena foni kuti izidzisintha ndi kuzima yokha popanda kukufunsani, ndipo pa chinthu chosabwerezeka ikani munthu woyang'anira komanso njira ina yapadera. Wina akakuchenjezani, mverani, ngakhale ntchitoyo mukuidziwa kumuposa. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka aja amakonda kunena kuti "ndisiyireni ine".