PS2 ya Pakona

Mkangano unayambanso masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha malata a kashopu ka magemu ka Saidi pa Mtakataka. Gift, wa kabaza, ankati pa nkhani ya makina a Sony alibe mnzawo. Cosmas wa pachigayo ankati Xbox ndiye makina enieni, chikhalirecho sanaigwirepo ndi dzanja lake. Anangoiona pa foni.

"Dikirani gemu ya mpira ya chaka chino ituluke," anatero Gift. "Akuti osewera ake amachita kutuluka thukuta."

"Thukuta tili nalo kale muno," anayankha munthu pakona.

Anali mayi Esinati, ogulitsa matimati m'mbali mwa msewu wa M5. Ankakhala okha m'kanyumba ka chipinda chimodzi kamene anamanga madzi osefukira atakokolola nyumba yawo yakale ndi zonse za m'katimo. Tsiku lililonse 2 koloko ikakwana ankafunditsa matimati ndi thumba, n'kulowa kwa Saidi, n'kukhala pa PS2 ya pakona imene anyamata anaitaya kalekale. Saidi anaipeza momwemo pogula shopuyo kwa mwini wake woyamba, pamodzi ndi TV yosaoneka bwino ndi kakhadi kosungira magemu.

Kasewereredwe kawo, kunena zoona, kanali komvetsa chisoni. Timu yawo inali imodzimodziyo, ya jezi zachikasu, imene anyamata a zaka zam'mbuyo anaipanga okha m'kakhadimo. Mpira ukangofika, ankapatsira nambala 14. Kaya watchingidwa ndi anthu atatu, 14. Kaya wina ali yekhayekha pamaso pa golo, 14 basi. Ankamwetsedwa zigoli zisanu osadandaula n'komwe. Koma 14 akagoletsa, wina asayerekeze kudina batani kuti adumphe chibwereza cha chigolicho. Ankachionera mpaka chithe, mphuno ili pafupi ndi galasi.

Anyamata anawapatsa dzina loti Kochi. Kumsika amayi anzawo ankawanena kuti munthu wamkulu magemu amulowa m'mutu. Iwo ankangosewerabe. Nthawi yawo ikatha ankamanga chitenje n'kubwerera ku matimati awo, osatsanzika munthu.

Lolemba limenelo Saidi anali ndi nkhani. Anali atapeza PS4 yogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe, ndipo ya pakonayo anaigulitsa kwa munthu wa ku Golomoti amene ananena kuti adzaitenga Lachisanu. Gift anaimba mluzu. Cosmas anati bola akanagula Xbox, mkangano n'kuyambiranso pomwe unalekera.

Mayi Esinati anaika padi yosewerera gemu pansi. "Kakhadi aka kalowa m'makina atsopanowo?"

"Ayi, mayi. Atsopanowa sadya zimenezo."

"Nanga timu yanga?"

"Matimu muli mbwee, mudzachita kusankha."

"Ndigulitse ine makina akalewa."

Saidi anaseka, koma mwaulemu. Wa ku Golomoti anali atalipira kale, ndiponso kunyumba kwa mayiwo kunalibe magetsi kapena TV. Anyamata anayesa kuwanyengerera, uyu kuwaonetsa kanema wa gemu yatsopano pa foni, uyu kuwafotokozera za padi yopanda chingwe. Mayiwo anayang'ana pang'ono n'kubweza foniyo. Anati osewera amenewo sakuwadziwa.

"Anthu a makina akale ndi choncho," anatero Gift mayiwo atatuluka. "Adzalira masiku awiri, lachitatu adzakhala oyamba pamzere."

Onse anavomereza. Zoterezi anali ataziona kambiri.

Lachisanu mayi Esinati sanayale matimati. Saidi pofika kudzatsegula anawapeza atakhala pakhonde. Mayiwo analowa, anakhala pakona, n'kuyamba kusewera. Kutsogolo kwa shopu kunali chipwirikiti, anyamata ataunjikana pa makina atsopano, aliyense akufuna kuwagwirako. Palibe amene anacheukira pakona. Gemu yoyamba anagonja, yachiwiri chimodzimodzi. Timu inayo inkangowalanda mpira 14 asanaufikire.

Wa ku Golomoti anafika chakumasana ndi katoni yake pa njinga yamoto. Anati kakhadiko akukafuna kopanda kanthu, makasitomala ake akayambire pawokha. Saidi anati imeneyo si ntchito, ndi batani limodzi lokha. Anapita pakona.

"Mayi, nthawi yakwana."

"Ndimalize kaye iyi."

Wogulayo anayang'ana wotchi. Saidi anaimirira kumbuyo kwawo atapinda manja, akudziuza kuti awa ndi makani a munthu wosafuna zatsopano. Patatsala pang'ono kuti gemu ithe, 14 analandira mpira, anazemba mmodzi, n'kuuponya mu ukonde. Chibwereza chinayamba. Saidi anawerama kuti atenge padi, koma mayi Esinati anamugwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira, ndipo linagwira zolimba.

Atawerama choncho, Saidi anaona wosewerayo pafupi kwa nthawi yoyamba. Anali wamfupi, wakuda, wometa mpala, makutu aakulu. Ankathamanga atatambasula manja, ndipo atatembenuka, dzina linaoneka pamwamba pa nambala. Saidi anatsinzinira kuti aliwerenge.

"Mayeso. Mayeso ndi ndani, mayi?"

Maso awo sanachoke pa galasi.

"Mwana wanga. Anadzipanga yekha muno asanapite ku Joni, ndipo chino n'chaka chachisanu ndi chiwiri osamveka. Zithunzi zake zonse zinapita ndi madzi. Ukamufufuta, ndizikamuonera kuti?"